Chala chayamba kuloza mwini

Msewu wodutsa pa Khombedza, uja wochokera ku Kaphatenga kulowera ku Nkhotakota, m'mabuku a boma umatchedwa M5. Eni dera sautchula choncho. Iwo amangoti "kumsewu", kumene amakadikira minibasi, kugulitsa usipa ndi mpunga, kapena kuperekeza mwana amene wanyamuka ulendo wa ku Joni. Komatu kunja kuno kuli M5 winanso amene alibe phula, alibe maenje, ndipo sadutsa galimoto. Ameneyo ndi mgwirizano wa mayiko asanu, America, Britain, Canada, Australia ndi New Zealand, ndipo dzina lake lonse ndi Migration Five. Katundu woyenda pa msewu umenewo ndi zidindo za zala za anthu opempha chilolezo cholowera m'mayikowo, kuphatikizapo Amalawi.

Akuluakulu ankati chala sichiloza mwini. Mwambiwu anaupeka makina asanabwere.

Kudinda chala si chinthu chachilendo kunyanja kuno. Agogo amene anapita ku migodi kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inadzatchedwa TEBA, anthu n'kumangoti Theba, amakumbukira inki yakuda ija imene inkakanirira m'zikhadabo. Dziko la South Africa linayamba kalekale kudalira zala pozindikira anthu. Mu 1900 Edward Henry, Mngelezi amene anakonza njira yosanjira zidindo za zala ali ku India, anapita ku Transvaal ndipo anayambitsa ntchitoyi kumeneko, ndipo eni migodi anaikonda chifukwa inkathandiza kugwira munthu wothawa kontalakiti amene wakalembetsa pa mgodi wina ndi dzina lina. Ulendo wa ku Wenela unaima pamene ndege yake inagwa ku Francistown pa 4 April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Hastings Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu ntchito. Unayambiranso mu 1977, n'kudzatheratu cha m'ma 1988 pa mkangano woyeza magazi.

Koma zidindo za nthawi imeneyo zinali pa makhadi, makhadiwo ali m'makabati. Kuti kalaliki apeze chala chimodzi ankafunika masiku, galasi lokulitsa zinthu ndi mtima wodekha. N'chifukwa chake munthu ankatha kuchoka kwawo ali Phiri, kukafika ku Harare ali Banda, ku Joni n'kukakhala Mwale, osapezeka mpaka kalekale. Matchona ambiri anasowa motero.

Za inki zinatha. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau (NRB), mothandizidwa ndi UNDP, linayenda dziko lonse ndi makina onyamula m'masutikesi, oyendera mphamvu ya dzuwa, kulemba aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo. Anthu oposa 9 miliyoni anaima pa mizere m'masukulu, kujambulitsa nkhope ndi kusanjika zala zonse khumi pa kagalasi kowala. Chiphaso cha unzika chimene chinatuluka pamenepo ndi chomwe lero munthu amagulira feteleza wotsika mtengo, kulembetsera simu khadi, kutsegulira akaunti ku banki, ndiponso kupemphera pasipoti. Pasipotinso inasintha. Kuyambira mu 2020 ya Malawi ili ndi kachipangizo m'kati mwake kosunga nkhope ndi mbiri ya mwini wake, koti makina a pa chipata cha dziko lina awerenge.

Tsono mnyamata wa kwa Khombedza amene wapeza malo a sukulu ku Britain, kapena namwino amene wamva zoti ku Canada kuli ntchito, akapita kukapempha viza amakadindanso. Britain inamaliza kukhazikitsa lamulo lodinda zala kwa onse opempha viza mu 2008. Canada inayamba kufuna zala ndi chithunzi kwa anthu a mu Africa pa 31 July 2018, ndipo wopemphayo amalipira yekha madola 85 a ku Canada. Kudindako sikutenga mphindi zisanu. Zala zinayi za kumanja, zinayi za kumanzere, zala zazikulu ziwiri pamodzi, kuyang'ana kamera osamwetulira, basi. Munthu amatuluka n'kukakwera minibasi ya ku Salima, zala zake zitauyamba ulendo wina umene iye sakuudziwa.

Kayendedwe kake n'kochititsa chidwi. Dziko limene lapemphedwa viza limatumiza zidindozo kwa anzake a mu mgwirizano uja popanda dzina. Funso limakhala limodzi: zala izi munaziwonapo? Ngati kulibe zofanana nazo, mgwirizano umati dziko lofunsidwalo lizifufute, nkhani yathera pomwepo. Zikapezeka, m'pamene mayiko awiriwo amatsegulirana mabuku: kwanuko anati dzina lake ndani, anabadwa liti, anabwera ndi pasipoti ya dziko liti, munamulola kapena munamukana. Pamene ntchitoyi inkayamba mu 2009, dziko lililonse linkaloledwa kufunsa linzake za anthu 3,000 okha pa chaka, ndipo panali anthu ogwira ntchitoyo pamanja. Lero makompyuta amafunsana okha, ndipo malire a 3,000 aja anatsala kutali.

Chitsanzo chimene boma la Britain linapereka polengeza mgwirizanowu chinali cha munthu amene anapempha malo othawirako nkhondo ponena kuti ndi wa ku Somalia. Zala zake zinapezeka ku America, kumene analowa ndi pasipoti ya Australia. Atafunsidwa, a ku Australia anati inde ndi nzika yathu, ndipo tikumufuna pa mlandu wogwiririra. Anamubweza kwawo n'kukamangidwa. Palibe angadandaule ndi nkhani yotereyi, ndipo maboma amadziwa kusankha chitsanzo choti anthu awombe m'manja. Koma anthu ambiri amene zala zawo zimayenda pa msewu umenewu si zigawenga. Ndi ana a sukulu, anamwino, abusa opita ku misonkhano, ndi amayi okawona zidzukulu.

Ku Ulaya kuli nkhokwe ina. Mayiko 29 a m'chigawo cha Schengen amathira zonse za opempha viza m'nkhokwe imodzi yotchedwa VIS, imene inayamba kugwira ntchito mu 2011. Amene wakanidwa ndi Germany n'kuthamangira ku ofesi ya kazembe wa dziko lina la m'chigawochi, poganiza kuti kumeneko sakumudziwa, amapeza mbiri yake itamutsogolera. Othawa kwawo ali ndi nkhokwe yawoyawo, Eurodac, ya mu 2003, imene imaulula dziko limene munthu anayamba kudindako. Lamulo latsopano la mu 2024 linatsitsa msinkhu wodinda kuchoka pa zaka 14 kufika pa 6, kutanthauza mwana woyamba kumene sitandade 1. Ndipo kuyambira pa 12 October 2025, mlendo wolowa m'chigawochi anayamba kujambulidwa nkhope ndi kudinda zala zinayi pa chipata penipeni, m'malo mwa chidindo cha inki cha m'pasipoti.

Ena anena kuti za ku Ulaya ndi za ophunzira, anthu a kwa Khombedza ulendo wawo ndi wa ku Joni. N'zoona. Basi yake imadzera ku Dedza kapena ku Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka pa Beitbridge. South Africa sili mu Migration Five ndipo sili mu Schengen. Koma ili ndi nkhokwe yakeyake, ndipo pa nkhani ya munthu amene inamudindapo kale, siifunika kufunsa ku Lilongwe.

Mmalawi amapatsidwa masiku 30 olowa m'dzikolo popanda viza. Kuyambira mu May 2014, wopitiriza masiku salipitsidwanso chindapusa pa chipata monga kale, koma amalembedwa kuti ndi munthu wosafunika. Akapitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowa kwa chaka chimodzi, akapitirira apo ndi zaka zisanu. Chakumapeto kwa 2015 dzikolo linayamba kudinda zala za alendo pa mabwalo a ndege akuluakulu monga OR Tambo, ndipo mu 2023 linakhazikitsa bungwe loona za malire la Border Management Authority. Ogwidwa alibe mapepala, amene ambiri amakasungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, podikira kubwezedwa kwawo, nawonso amasiya zala zawo m'mabuku.

Kale mankhwala a vuto limeneli ankadziwika mudzi wonse. Munthu akabwezedwa ankapuma miyezi iwiri, kudya nsima ya kondowole kapena ya mgaiwa, kenako n'kukapempha pasipoti ina pa dzina la kuchimuna ngati yoyamba inali ya dzina la kuchikazi. Ena ankabwereka ya mchimwene wawo wofanana naye nkhope. Mayi akafunsa kuti, "Nanga mwanangu, si paja anakuthamangitsa?" yankho linkakhala lakuti, "Musadandaule amayi, anathamangitsa dzina, ine ayi." Lero yankho limenelo lakalamba. Pasipoti imachokera pa chiphaso cha unzika, chiphasocho chinamangidwa pa zala khumi, ndipo zala za munthu sizifanana ndi za wina, ngakhale mapasa. Sikuti mipata yatsekeka yonse. Alipo amene amawolokabe Limpopo usiku, alipo amene amapereka kangachepe pa chipata, ndipo makina amazima magetsi akathima. Koma woyenda motero amakhala ngati mbewa ya m'nkhokwe ya eni, kudya akuyang'ana kukhomo.

Pasipoti yotayika nayo ili ndi msampha wake. Bungwe la apolisi a padziko lonse la Interpol lili ndi mndandanda wa ziphaso zoyendera zobedwa ndi zotayika, umene linauyamba mu 2002. Pasipoti imene mwini wake anakanena kuti yasowa ikalowa m'menemo, yafa, ngakhale itadzapezeka pansi pa matiresi.

Pamene anthu osalakwa amagwera m'dzenje kwambiri ndi pa fomu. Mafomu a viza a Britain ndi Canada amafunsa ngati munthu anakanidwapo viza kapena kuthamangitsidwa ndi dziko lina lililonse. Fomuyo ndi ya Chingerezi, ndi yaitali, ndipo imadzazidwa pa intaneti. Munthu wa kumudzi amapita nayo kwa wodziwa kompyuta, kapena kwa dobadoba amene walonjeza kuti zonse ayendetsa. Dobadobayo safunsa n'komwe. Pa funso lija amangodina "ayi", chifukwa "inde" amafuna kufotokoza, ndipo kufotokoza kumadya nthawi. Nthawi zina amawonjezera zaka, kusintha ntchito, kapena kumupatsa munthu mkazi amene sanamuonepo, ati kuti fomu ikome. "Bwana, izi n'zongolemba, palibe amawerenga," amatero akulandira yake.

Makina amawerenga. Kukanidwa viza si mlandu, ndipo anthu ambiri amakanidwa ulendo woyamba n'kudzaloledwa wachiwiri. Chimene mayikowa salekerera ndi bodza. Canada imatseka chitseko zaka zisanu kwa wopezeka atanama pa fomu. Britain imatha kutseka zaka khumi. Ku America, bodza la dala pa nkhani yofunika limatsekera munthu moyo wake wonse, pokhapokha atapatsidwa chikhululukiro chapadera. Bodzalo silimamatira pa dobadoba, amene dzina lake silioneka paliponse. Limamatira pa chala cha amene anasanjika dzanja pa kagalasi kaja.

Zolembedwa pa zipata zimathanso kulanga dziko lonse. Powerengera anthu olowa ndi otuluka, America inati Amalawi ochuluka amapitiriza masiku a viza zawo, ndipo kuyambira pa 20 August 2025 Malawi ndi Zambia anakhala mayiko oyamba amene nzika zake zopempha viza yokacheza kapena ya bizinesi zinauzidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Chikolecho chimabwezedwa munthu akatuluka pa nthawi yake. Koma ndi angati kuyambira ku Thavite mpaka ku Senga Bay amene anagwirapo ndalama zotere m'manja? Anatsalira kumeneko ndi ena, wolipira ndi wina.

Pali chinthu china chimene okonza makinawa, okhala m'maofesi ozizira, sachiganizira msanga: dzanja la munthu wogwira ntchito. Msodzi amene wakoka chingwe cha chilimira usiku ndi usiku, manja ali m'madzi, zala zake zimakhala zosalala ngati mwala wa mumtsinje, penapake zong'ambikang'ambika. Mayi wopala nsomba ndi kuwamba pa moto, mlimi wa thonje, woumba njerwa, womanga ndi simenti, onsewa mizere ya pa zala zawo imafufutika. Amene anaima pa mzere wolembetsa chiphaso anaziona: agogo akusanjika chala, makina akukana, kalaliki akuti, "Tapukutani pa chitenje, agogo. Tayesaninso. Musakanikize kwambiri." Pa sukulu ya pulayimale ya kumudzi zimenezi zimatha ndi kuseka. Pa chipata cha dziko la eni, pamene wapolisi sadziwa kuti chilimira n'chiyani, chala chosawerengeka chimaoneka ngati chala chobisa kanthu.

Nkhope nayo ili ndi vuto lake. Mu December 2019 bungwe la boma la America loyesa makina, la NIST, linayesa mapulogalamu ambirimbiri ozindikira nkhope ndipo linapeza kuti ambiri mwa iwo amasokoneza anthu awiri osiyana kawirikawiri pa nkhope za anthu a mu Africa ndi a ku Asia kuposa pa nkhope za azungu, mwina kuchulukitsa kakhumi mpaka ka 100. Mapulogalamu akhala akuwongoleredwa chiyambire nthawi imeneyo. Komabe makina akalakwitsa m'dziko limodzi, cholakwacho chimayenda pa msewu womwe uja n'kukafika kwa anzake chitavala suti ya choonadi. Malamulo a ku Ulaya amapatsa munthu ufulu wopempha kuona zimene zalembedwa za iye ndi kuzikonzetsa. Ufuluwo ulipo ndithu, koma umafuna Chingerezi cha maloya, bandulo ya intaneti, ndi kudziwa khomo logogoda. Kwa munthu wa kwa Khombedza, zitatu zonsezi ndi ulendo.

Anthu amene alibiretu mwayi wokana kudinda ali pafupi, ku Dowa, boma loyandikana ndi Salima. Msasa wa Dzaleka unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge othawa nkhondo, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ambiri sadziwa kuti makina amene bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR likugwiritsa ntchito m'mayiko ochuluka lero, otchedwa BIMS, anayesedwa koyamba pa Dzaleka pomwepa chakumapeto kwa 2013, pa anthu pafupifupi 17,000 amene anajambulidwa zala, nkhope ndi maso. Ubwino wake ndi woonekeratu. Munthu wothawa moto alibe chitupa, ndipo thupi lake ndilo limamuchitira umboni kuti alandire chakudya ndi kuti wina asamubere malo. Amene wasankhidwa kuti akakhazikike ku America, zidindo zake zimatsogola kukafufuzidwa m'nkhokwe za kumeneko iye asanakwere ndege.

Kuopsa kwake kunaoneka ku Bangladesh. Mu June 2021 bungwe la Human Rights Watch linanena kuti mbiri ya anthu a mtundu wa Rohingya, imene inatengedwa m'misasa polembetsa, inaperekedwa ku boma la Myanmar, dziko lomwe anthuwo anathawa, ambiri asanamvetse bwino zimene akuvomera. UNHCR inakana kuti inalakwitsa, ponena kuti anthuwo anafunsidwa. Chaka chomwecho asilikali a America atachoka ku Afghanistan, makina ena ojambulira zala ndi maso anagwera m'manja mwa a Taliban. Munthu akaberedwa nambala yachinsinsi ya pa foni amasintha. Zala alibe zina zosinthira.

Nanga nkhokwe ya kwathu kuno ndi yolimba bwanji? Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo, ndipo mu February Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa makina alanda dongosolo la mapasipoti ndipo akufuna dipo. Anthu anagona pa mizere ku maofesi a Immigration, ena ntchito ndi malo a sukulu zinawapita. Nkhani yonse inali ya kabuku kochedwa kutuluka. Funso la zala ndi nkhope zosungidwa m'makinawo, kuti anazigwira ndani ndipo anazikopera kapena ayi, silinamveke mokweza ngati mmene linayenera kumvekera.

Chaka chomwecho Malawi anayamba kugwiritsa ntchito lamulo loteteza mbiri ya anthu la Data Protection Act, ndipo udindo woliyang'anira unaperekedwa ku bungwe la MACRA. Lamuloli limaika zidindo za thupi m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo limaika malire pa kutumiza mbiri ya anthu kunja kwa dziko. Ndi chiyambi chabwino. Chimene chikufunika tsopano n'chakuti mgwirizano uliwonse umene boma lingasaine wokhudza nkhokwe ya NRB kapena ya Immigration uzikambidwa poyera, aphungu aufunse mafunso, wailesi iufotokoze m'Chichewa. Pempho lotere likhoza kufika, chifukwa America yayamba kale kuuza mayiko amene nzika zake zimalowa kumeneko popanda viza, ambiri a ku Ulaya, kuti atsegule nkhokwe zawo za zidindo ngati akufuna kusunga mwayiwo. Ngati mayiko olemera akukakamizidwa chotero, dziko lodalira thandizo lidzakana ndi mawu ati?

Koma lamulo la ku Lilongwe lili ndi polekezera. Zala zimene munthu wakapereka yekha popempha viza zalowa m'nyumba ya eni, ndipo zimayendera malamulo a kumeneko. A Schengen amasunga zaka zisanu. Britain imasunga mpaka zaka 15. America imasunga mpaka zaka 75. Mtsikana wa zaka 22 amene wakwera minibasi pa Khombedza m'mawa uno, envelopu ya mapepala ili pa chifuwa, akakadinda ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, zala zake zikhoza kukhalabe m'nkhokwe ya kumeneko kufikira iye atakwanitsa zaka 97, kaya viza anamupatsa kaya anamukana.